PhD yanga ya za ubongo inadutsira pabwalo la amfumu ku Mulanje

Anthu akamva kuti ndinachita PhD ya za ubongo amaganiza kuti zaka zonsezo ndinkangokhala m'labu. Nthawi yambiri ndinali pa kabaza pakati pa minda ya tiyi, kusakasaka ana amene anapulumuka malungo a mu ubongo.

Ngati mukufuna kuchita PhD yotere, choyamba kupeza si fomu, ndi supavaiza. Pezani amene ali ndi kafukufuku woyenda kale, chifukwa ndalama za mafuta ndi makina zimachokera kumeneko. Ine ndinali ndi awiri, wina wakuno wina wakunja. Wakunja ankadziwa kuwerenga EEG (muyeso wa mmene ubongo ukugwirira ntchito, womata mawaya pamutu), wakuno ankadziwa khomo loti ndigogode.

Kenako funso la kafukufuku. Apa tili ndi mwayi, poti zambiri zimene dziko limadziwa za malungo a mu ubongo zinapezeka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 1989 Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anatulutsa Blantyre Coma Score, muyeso wa 0 mpaka 5 woonera kukomoka kwa mwana: maso akutsatira, akulira bwanji, akutani mukamutsina. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, atabwera mu 2008, ofufuza anaonetsa mu 2015 kuti ana ambiri amene amamwalira ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri mpaka kupuma kumaima. Funso langa linali la mwana amene wachira n'kubwerera kumudzi. Ena amayamba khunyu patapita miyezi, ena sukulu imawakanika. Ndani akuwaona?

Pulopozo, ndiye kuti dongosolo la kafukufuku wanga, ndinaiteteza pamaso pa aphunzitsi, n'kupita nayo ku komiti yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu. Kuno zodziwika ndi COMREC ndi NHSRC, ndipo musaiwale kalata ya ofesi ya zaumoyo ya boma limene mukagwireko. Mapepala anga anabwezedwa kamodzi, mlandu unali wanga: kalata yopempha chilolezo kwa makolo ndinailemba m'Chichewa choti ngakhale mayi anga sakanachimva.

Pamenepa ndi pamene ndinaphunzira zenizeni. Kumbukirani kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinavuta kwambiri ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu mpaka kuphedwa. Ndiye iwe ufike ndi chikwama cha mawaya oti umate pamutu pa mwana! Azaumoyo a m'deralo anandiuza kuti ndisayerekeze kulowa pakhomo pa munthu ndisanaonekere kwa amfumu. Tinakhala pabwalo, agogo ena n'kufunsa:

"Mwanangu, mawayawo si oyamwa nzeru za mwana?"

"Ayi agogo, salowetsa kanthu, satulutsanso kanthu. Amangomvetsera mmene ubongo ukugwirira ntchito, ngati mmene adokotala amamvetsera pachifuwa."

"Nanga bwanji osayamba pamutu panupo?"

Ndinavula chipewa, mnzanga anandimata mawaya onse pamaso pa mudzi. Anaseka mpaka misozi, ana asanu analembetsa tsiku lomwelo. Pabwalo pomwepo ndinkanenanso kuti khunyu sapatsirana ndi malovu, kuti mwana akagwa musamuike supuni m'kamwa koma mum'goneke chammbali kutali ndi moto. Zipsera zamoto zimene ndinaziona pa manja a ana aja sindidzaziiwala.

Chimene chinandipweteka ndi masamu. Ndinasonkhanitsa zonse kwa zaka ziwiri, kenako n'kuzindikira kuti sindidziwa kuzisanthula bwino, ndinayamba kuphunzira R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala, usiku ngati mwana wa fomu wani. Akanati andifunse mmene maphunzirowa angakonzedwere, ndinganene kuti chaka choyamba chikhale cha statistics, kalembedwe ka mapepala ndi miyezi ingapo mu wodi ya ana, munthu asanapite kumudzi. Komanso pakhale kagulu ka aphunzitsi kokumana ndi wophunzira kawiri pachaka, osati kusiya moyo wake wonse m'manja mwa supavaiza mmodzi amene mwina ali pa ndege.

Mapepala anatuluka, thesisi ndinapereka, oyesa awiri anaiwerenga. Pa viva, mayeso apakamwa oteteza thesisi, ndinakonzekera mafunso a ma graph, koma woyesa wakunja anatsegula tsamba lakumapeto kumene kunali kalata ya chilolezo ija, n'kundiuza kuti ndimumasulire mawu amene ndinagwiritsa ntchito pofotokozera makolo za EEG. Ndinamuuza za agogo aja ndi chipewa changa.