Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Kwacha Inagwa Tili pa Lintala

M'gawo lapitalo ndinafotokoza momwe tinapezera puloti kwa Njewa, panjira ya ku Mchinji, ndi momwe tinakanira kupereka ndalama yonse mpaka a mfumu ndi mboni zawo atasaina pepala. Lero ndifike pa kumangako.

Kumayambiriro kwa 2022 ine ndi mayi a kunyumba tinali ndi kandalama kathu ku banki, kosonkha pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro anga a uphunzitsi ndi geni yawo ya kaunjika. Pulani inali ya zipinda zogona zinayi. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo m'mahadiweya mitengo inasintha sabata isanathe. Ndalama m'buku inali yomweyo, koma malata amene ikanagula anachepa ife tili mtulo.

Malume, amene anamanga nyumba yawo ku Kawale kalekale, anatiyendera Lamlungu lotsatira. Anayang'ana pulaniyo nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, nyumba iyi ndi yabwino, koma kodi denga lake ulifikira liti? Manga imene ungathe kufolera." Zinandiwawa chifukwa chipinda chachinayi ndinkachifunira amayi anga ondibereka akamabwera kuchipatala. Komabe tinadula mbali imodzi, n'kusiya malo oti tidzawonjezere m'tsogolo.

Chimene tinagwirizana usiku umenewo ndi ichi: ndalama ya nyumba isamagone ku banki. Ikapezeka, isanduke katundu. Koma si katundu aliyense amene amasungika. Simenti ikakhala miyezi ingapo, makamaka nthawi ya dzinja, imakoka chinyontho n'kuuma m'thumba momwemo, ndiye tinkaigula pokhapokha ntchito ilipo, kapena tiumbiretu mabuloko. Malata, zitsulo za lintala (konkire ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo), mafelemu a zitseko ndi mawindo, izi ndiye tinkagula msanga n'kukasunga kwa malume, osati papuloti pomwe panalibe mpanda. Anzanga kusukulu ankadabwa kuti munthu wagula malata maziko asanakumbidwe. Ine ndinkadziwa kuti malata amapangidwa ndi zitsulo zochokera kunja, ndipo chilichonse chodalira dola ndi chimene chimayamba kuthawa kwacha ikagwa.

Za mmisiri ndiye ndinene mosabisa, pakuti ambiri amalirira pamenepa. Sitinamupatse kontirakiti yoti azigula yekha zipangizo. Iye yake inali ntchito ya manja basi, ndipo malipiro tinawagawa: maziko akatha, khoma likafika pawindo, lintala ikathiridwa, denga likakwera. Zonse tinalemba m'kope, iye n'kusaina, ife n'kusaina. Tsiku lina anati, "Bwana, tandipatsaniko ya lintala, mwana wadwala." Mayi a kunyumba anam'patsa ya chithandizo kuchokera m'thumba mwawo, koma ya lintala inadikira lintala. Madzulo aliwonse matumba a simenti opanda kanthu ankawerengedwa, kuti agwirizane ndi amene anatuluka m'mawa. Mmisiri wathu anali munthu wokhulupirika, ndipo iye mwini ankati kuwerengako kumamuteteza ku miseche.

Mu Novembala 2023 khoma linali litafika pa lintala, mvula ili pafupi. Ndiye kwacha inagwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pafupifupi K1,700. Simenti, misomali, mafuta a galimoto yotuta mchenga, zonse zinakwera nthawi imodzi. Malata tinali nawo kale, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu pa chimenecho, koma matabwa a denga ndi ndalama ya kalipentala tinalibe.

Apa m'pamene anabwera mnzanga wina n'kundiuza za munthu wa katapila amene akanandipatsa ndalama tsiku lomwelo, bola ndisiye khadi langa la ku banki ndi pepala la puloti. Ndinagona nawo maganizo amenewo, chifukwa khoma losafolera likamenyedwa ndi mvula ya Januwale mtima sukhala m'malo. Koma ndinali nditaona aphunzitsi anzanga akulandira malipiro amene akuthera m'manja mwa wina mwezi ndi mwezi, ana akubwezedwa kusukulu. Ngongole ya ku banki nayo sinali yopepuka, chiwongoladzanja chinali chikukwerabe, moti pofika Febuluwale 2024 Reserve Bank, banki yaikulu ya dziko lino, inafikitsa mlingo wake wa chiwongoladzanja pa 26 peresenti. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, pepala la puloti lisatuluke m'nyumba muno. Tidikire Disembala."

Disembala ndi pamene gulu lawo la banki mkhonde limagawana ndalama. Tinaphimba pamwamba pa khoma ndi mapepala akuda a pulasitiki, n'kutsindika ndi miyala, n'kudikira. Atagawana, tinagula matabwa, ndipo kalipentala anavomera kulandira kawiri. Ndalama ya fizi ya ana sitinaikhudze, imeneyo inali ndi envulopu yakeyake kuyambira pachiyambi.

Denga litakwera tinasamuka nthawi yomweyo, nyumba yopanda pulasitala, yopanda siling'i, magetsi ake kasola kamodzi, madzi otunga pamjigo. Abale ena anati tapupuluma. Koma ndalama imene tinkapereka kwa alandilodi ku Area 25 inayamba kugula simenti yopaka chipinda chimodzi mwezi uliwonse, kuyambira cha ana.

Gawo likubwerali ndidzafotokoza za mkangano wa malire ndi aneba athu, umene unatifikitsanso kwa a mfumu.