Zoseweretsa zomwe mwana angalume popanda nkhawa

Shopu yathu ili ku Mchesi, mu Lilongwe, pakati pa anzathu okhoma mabedi, masofa ndi mabokosi a maliro. Nafenso tinayamba ndi mipando ndi matebulo, mpaka tsiku lina mayi wina woyendetsa sukulu ya mkombaphala anabwera kudzaoda timipando ta ana. Pochoka anatola tizidutswa ta matabwa pansi n'kufunsa ngati tingatisalaze kuti ana ake azisanja. Lero ine ndi mkazi wanga timadyera zimenezo: timagalimoto, tizidutswa tosanja, zilembo ndi manambala, zonse za matabwa.

Mwana wa chaka chimodzi akalandira chinthu, choyamba amachiika m'kamwa. Ndiye thabwa lililonse lolowa m'shopu muno timalifunsa komwe lachokera. Timakonda paini wa ku Chikangawa ndi malaina chifukwa ndi ofewa, opepuka, ndipo amasalala msanga. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yokongola, koma kuidula tizidutswa n'kuiwononga, pomwe m'nkhalango ikutha. Mkungudza wa ku Mulanje sitiukhudza n'komwe, ndi wotetezedwa ndi lamulo.

Vuto lalikulu lili pa matabwa otchipa. Anyamata amabwera ndi zotsala za mapolo a magetsi kapena a mpanda, mtengo wake wapansi kwambiri. Mapolo akuda onunkha phula aja anamwetsedwa mankhwala oteteza matabwa otchedwa creosote, ndipo ambiri obiriwirako ali ndi mankhwala a CCA, momwe muli arsenic, poizoni weniweni. Amenewo ngakhale kusonkhera moto wophikira sayenera. Mapaleti, matabwa okhomedwa osanjikirapo katundu, akakhala ochokera kunja timayang'ana chidindo chake. Cholembedwa HT chimatanthauza kuti anangowatenthetsa pofuna kupha tizilombo, pomwe MB ndi mankhwala a methyl bromide, ndipo amenewo timabweza. Wopanda chidindo, kapena wothimbirira ndi mafuta osadziwika, timabwezanso. Mabodi a MDF sitipangira zoseweretsa: ndi utuchi womatidwa ndi guluu, ukanyowa ndi malovu umafufuma n'kuyamba kunyenyeka.

Penti ndiye timakangana ndi makasitomala. Makolo amafuna zofiira ndi zachikasu zowala, koma mapenti ena a mafuta amakhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, osaonetsa chizindikiro msanga. Ife timapaka penti wosungunula ndi madzi wolembedwa kuti alibe mtovu. Za makanda sitipenta. Mkazi wanga amasungunula phula la njuchi, kulipaka ndi kansalu, kenako n'kupukuta mpaka thabwa litawala, fungo lake ngati uchi. Chilichonse chotha kulowa m'kachubu ka pakati pa tishu sitigulitsa kwa mwana wosakwana zaka zitatu, chingamutsamwe. Mateyala a timagalimoto timamangira pa kamtengo ndi guluu woyera wa matabwa, misomali ayi.

Loweruka m'mawa timaphunzitsa ana a m'dera lino, ndipo nthawi zina makolo awo amatsalira n'kugwira nawo. Wamng'ono amayamba ndi sandipepala wokulunga pa kathabwa, basi. Akazolowera timam'patsa hamala yaing'ono, msomali atautsina ndi pegi yoyanikira zovala kuti chala chikhale kutali. Sowo imabwera pambuyo, thabwa litamangidwa pa vayisi (chitsulo chopanira), dzanja linalo lili kumbuyo. Makolo amadabwa ndikamanola chida chomwe ndipatse mwana wawo. Komatu chida chobuntha ndicho chimavulaza, chifukwa munthu amachikankha ndi mphamvu, chikaterereka chimakathera m'dzanja. Makina a magetsi timazimitsa pa switchi yaikulu ana asanalowe, ndipo aliyense amavala magalasi oteteza maso ndi nsapato zotseka. Wobwera ndi patapata amakhala pa benchi n'kumaonerera, ngakhale alire.

Pa mtengo sitingapikisane ndi zidole za pulasitiki za mumsika, ndipo ena amatembenuka akangomva mtengo wathu. Amene amatigula kwambiri ndi a sukulu za mkombaphala ndi malo osamalira ana a m'midzi, chifukwa tizidutswa ta paini timapirira ana ambirimbiri kwa zaka. Tizidutswato tikatha mtundu amatibweretsera, timatipala ndi sandipepala n'kupakanso phula ulere. Nyengo ya mvula paini wouma bwino amasowa, choncho maoda a zilembo amachedwerako pang'ono mpaka matabwa omwe tayanika m'shedi atauma.