Simba sauwanso usiku

Zinayamba ngati kutsimphina wamba. Simba, galu wathu wa mtundu wa Rottweiler wa zaka 7, ankakoka mwendo wakutsogolo akadzuka m'mawa, dzuwa likatentha n'kumayenda bwinobwino. Ndinkati waponda minga kuseri kwa mpanda, kapena ndi chisanu cha June. Patatha milungu itatu ndinamugwira pachigongono n'kupeza chotupa cholimba, kukula kwake ngati dzira.

Adokotala a ziweto anamubaya kasingano n'kutengako timadzi, kenako anadulako kanyama kuti kakapimidwe ku labu. Tsiku lomva zotsatira anachita kundilembera dzinalo papepala chifukwa lilime langa linkakana: histiocytic sarcoma, mtundu wa khansa. Akuti ikamwazika m'thupi ena amaitchula malignant histiocytosis. Imachokera ku maselo otchedwa histiocyte, asilikali a m'thupi amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo ndi kuchenjeza anzawo kuti mdani walowa. Mwa Simba, asilikaliwo ndi amene agalukira. Anati matendawa amakonda mitundu ina ya agalu, makamaka Bernese Mountain Dog, Flat-coated Retriever ndi Rottweiler.

Usiku umenewo ndinachita chimene aliyense amachita. Ndinatenga foni pakama n'kuyamba kufufuza, ndipo ndinagwera pa dzina lofanana nalo, histiocytoma. Ndinawerenga kuti n'kachotupa kofiira ngati batani, kamagwira agalu achichepere ndipo kamatha kokha pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Ndinadzutsa bambo akunyumba kuti amve nawo. Ndinagona tulo tabwino kwambiri. M'mawa nditaimba foni, adokotala anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mayi, imeneyo ndi ina. Ya Simba si yotha yokha." Zithunzi zimene anajambula pambuyo pake zinaonetsa madontho m'mapapo, ndipo kapamba anali atatupa.

Njira zinalipo ziwiri. Pali mankhwala a khansa otchedwa lomustine, makapisozi omwetsa kamodzi pa milungu itatu iliyonse, ogwira utavala magolovesi, ndipo nthawi zonse magazi ayenera kupimidwa chifukwa amatha kuwononga chiwindi. Ikafalikira chonchi, ngakhale agwire ntchito amangoonjezera miyezi, sachiza. Kudula mwendo sikukanathandizanso. Tinakhala pansi ndi abambo, tinawerengera ndalama ya fizi ya ana, tinaganiziranso mmene Simba amanjenjemerera akangoona geti la chipatala. Tinasankha njira yachiwiri: prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, pamodzi ndi ena ochepetsa ululu. Masiku ena ndimadziona ngati ndinamugulitsa, sindinama.

Chimene sindinakonzekere ndi anthu. Ndinauza mnzanga kuntchito, iye n'kuseka: "Galu khansa? Mungogula wina, asisi." Apongozi anga anafunsa ngati ndalama zasowa pozitaya. Sindiwakwiyira kwenikweni. Inenso ndinakulira kumudzi komwe galu amadya mkute ndipo akadwala amangosowa. Koma galu uyu ndi amene ankagona pakhomo la kuchipinda miyezi yonse imene abambo anali ku Joni. Palibe amene amakuuza kuti pepani chifukwa cha galu, ndiye ndimalirira kubafa, madzi akutuluka pampope.

Prednisolone uja amamupatsa ludzu ndi njala. Beseni la madzi ndimadzaza katatu patsiku, ndipo amakodza paliponse. Ndinasiya kumuphikira madeya. Pano amadya mgaiwa wofewa wosakaniza ndi usipa, Loweruka ndimamugulira chiwindi. M'mawa uliwonse ndimatukula mlomo wake n'kuyang'ana nkhama, monga anandiphunzitsira adokotala. Zikayera ngati pepala, kapena akayamba kupuma mobanika, ndiye kuti tsiku lakwana lopita naye kuti akamugoneke tulo tosadzukanso. Lero zikadali zofiirira.

Mwana wanga wamng'ono anandifunsa ngati matendawa ndi opatsirana ngati chiwewe. Ndinamuuza kuti ayi, amukumbatire mmene angafunire. Kuyambira tsiku limenelo homuweki amalembera pakhonde, phazi lake lili pamsana pa Simba.

Simba sauwanso usiku. Dzana ndinadzuka cha m'ma 2 koloko nditamva kuti kunja kuli zii, mtima uli phaphapha. Nditasuzumira pawindo ndinaona alonda athu, bambo achikulire amene sindinawamvepo akumutchula dzina, atamukokera pafupi ndi mbaula. Anali atamufunditsa jekete lawo, iwo atakhala pampando ndi juzi yokha.