Kalavati yotsekeka inasintha kagwiridwe kathu ka ntchito

Mwezi wathawu tapereka kwa eni ake ntchito yathu yoyamba ya pa msewu waukulu, ndipo tikunyadira chifukwa tinachokera kutali.

Tinayamba ndi lole imodzi, mawilibala ndi anthu ochepa okwirira maenje. Ntchito yathu yachiwiri titangoyamba kumene inatsala pang'ono kutigwetsa. Tinakwirira maenje onse bwinobwino, koma sitinasuzumire m'kalavati (njira yodutsitsa madzi pansi pa msewu) imene inali itadzaza mchenga, ndipo mvula itagwa madzi analowa pansi pa phula, zigamba zonse n'kumatuka. Tinaibwereza ntchitoyo ndi ndalama za m'thumba mwathu. Amene anatilonjeza ngongole anasiya kuyankha foni sabata yomweyo, ngakhale kuti lero ndi omwewo amene amatiimbira kawirikawiri.

Chichokere nthawi imeneyo sititulutsa makina tisanauyende msewu wonse wapansi. Timalemba mng'alu uliwonse, timaona kumene madzi amadikha, timawerenganso malole olemera amene amadutsapo, popeza katundu wa pa ekiselo akachuluka kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Tikatero timayamba ndi ngalande, kenako timamata ming'alu mvula isanayambe, chifukwa mng'alu wosiyidwa lero ndiwo udzafune kukumba msewu wonse. Ntchito zoyandikana timazigwira pa ulendo umodzi kuti dizilo asapite pachabe ndiponso kuti oyendetsa galimoto asaime nthawi yaitali injini zikufuka utsi. Phula lakale limene tapala sititaya: timalisakaniza ndi latsopano, motero timagula miyala yochepa ya kwale, ndipo mapiri amene akanaswedwa amapuma. Kwa ife chimenechi n'chachikulu, pakuti phula limachokera ku mafuta a pansi pa nthaka ndipo kulitenthetsa kumadya mphamvu zambiri.

Tikuthokoza antchito athu amene anapirira malipiro atachedwa, makamaka amayi ogwira mbendera amene amaima padzuwa tsiku lonse kuti anzawo asagundidwe. Tikuthokoza injiniya amene anatidzudzula mosabisa mawu koma osatitaya, mabanja athu amene anatibwereka ndalama popanda chikole, komanso makasitomala amene anatipatsanso mwayi titalakwitsa.

Ngati muli ndi msewu umene wayamba kung'aluka, wa kampani, wa sukulu kapena wa pafamu, tiitaneni mvula isanagwe. Tidzauyenda pamodzi ndi inu, ndipo tidzakulemberani zoyenera kukonza chaka chino ndi zimene zingathe kudikira.