Mmene tinafikitsira nkhani ya zitsime za ku Kanyama kwa a kansala

Pa kosi ya public health pali gawo lomwe amakuphunzitsa kukankha kuti ndondomeko zisinthe, ndiye ife anatipatsa asainimenti yoti tisankhe vuto limodzi tikalitule kwa munthu amene angalikonze. Gulu lathu tinatenga kolera, poti tonse tinadzionera mu January 2024, National Heroes Stadium ya ku Lusaka mpaka kusanduka chipatala, masukulu kuchedwa kutsegula.

Choyamba a lekichala anatiletsa mawu oti "boma lichitepo kanthu". Akuti boma ndi ndani, tchulani mpando. Tinadula nkhani mpaka inatsala imodzi, zitsime zosaya za ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Kumeneko pansi ndi miyala ya laimu ya mphakomphako, madzi ali pafupi, mvula ikagwa zimbudzi zokumba zimasefukira zonse n'kuthera m'chitsime. Tinapita komweko, kupeza chitsime chovindikira ndi lata ladzimbiri, chimbudzi chili apa pomwepa. Amayi ena akuchapa anatiuza chifukwa chake sapita ku kiyosiki yogulitsira madzi, akuti mzere wautali, chigubu chilichonse ndalama, tsiku lina ufika mpopi uli gwa. Kuwauza kuti kwirirani chitsime osawapatsa kotunga kwina, ndi kutaya nthawi basi.

Kenako kulemba policy brief, kalata yachidule yopita kwa opanga ndondomeko, tsamba limodzi lokha, pempho pamwamba penipeni osati kumapeto ngati mu risechi. Apa ndi pomwe tinakangana kwambiri chifukwa aliyense amafuna tebulo lake lilowemo.

Khomo logogoda nalonso kusankha. Ku Parliament kuli komiti yoona za umoyo, imalandira maganizo olembedwa kudzera kwa Clerk, mlembi wamkulu wa nyumbayo, koma pempho lathu linali la ma kiyosiki owonjezera, ndiye tinalowera ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya mu wadi momwe mumakhalanso a kansala, poti ma projekiti a CDF (thumba la ndalama za chitukuko cha konsitichuwense) amayambira kumeneko ndipo ndalamayo inakwera kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense mu 2022.

Tisanapite tinayeserera mkalasi, mphindi ziwiri zokha, mnzathu akukhala ngati kansala wotanganidwa, maso pa foni. Zinathandiza zedi. A kansala enieniwo anamvetsera bwino koma anatifunsa kuti kiyosikiyo imangidwa pa malo a ndani, nanga ikaonongeka akonza ndani. Panopa tikuzungulira mu komboni kufunsa za malowo, kalata yachiwiri tikapereke komiti isanakhalenso.