Ulendo wa gulu lathu ku Bunda: matenda a m'chiberekero cha ng'ombe

Ife alimi a ng'ombe za mkaka a ku Thyolo tinanyamuka m'bandakucha kupita ku Bunda, ku sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, tili ndi funso limodzi lomwe lakhala likutisowetsa mtendere: kodi ng'ombe ikangobereka n'kuyamba kutulutsa madzi ofiirira onunkha, tiyithandize bwanji?

Dokotala wa ziweto amene anatilandira anatitengera ku khola, ndipo kumeneko anafotokoza kuti matendawa, otchedwa metritis, amagwira ng'ombe m'masiku 21 oyamba itabereka, makamaka ngati inavutika pobereka kapena nsengwa inakanirira. Tizilombo ta bakiteriya monga E. coli ndi Trueperella pyogenes timalowa m'chiberekero, ndipo thupi polimbana nato limatupa mkati, kutentha kumapitirira madigiri 39.5, ng'ombe imasiya kudya, mkaka n'kutsika.

Chimene chinatikhalitsa nthawi yaitali ndi kafukufuku wa ku Germany amene anasindikizidwa mu 2016. Ofufuza anagawa ng'ombe zodwala m'magulu awiri: zina anazibaya antibayotiki wotchedwa ceftiofur, zina anayamba n'kuzibaya ketoprofen, mankhwala ochepetsa kutupa ndi ululu amene sapha tizilombo ayi. M'gulu la ketoprofen, ng'ombe zofuna chithandizo choonjezera zinachuluka, komabe maantibayotiki onse amene anagwiritsidwa ntchito anachepa, ndipo mkaka komanso katengedwe ka bere sizinasiyane kwenikweni.

Mayi wina wa m'gulu lathu anadumphira nati ndiye tizingobayiratu mankhwala a kutupawo ng'ombe ikangobereka. Adokotala anapukusa mutu, natikumbutsa kuti ku Canada anapeza kuti mankhwala ena ochepetsa kutupa otchedwa flunixin, akaperekedwa pa nthawi yobereka, amachititsa kuti nsengwa ikanirire mu ng'ombe zambiri.

Kwa ine, chovuta chili pakuti ofufuza a ku Germany aja ankayeza ng'ombe zawo pafupipafupi, ndipo ikapanda kusintha ankaibaya antibayotiki mosazengereza, pamene ife ambiri tilibe ngakhale kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Timangogwira khutu la ng'ombe n'kumaganizira. Mlimi wa ng'ombe imodzi akatengera njirayi popanda mlangizi, akhoza kutaya chuma chake chonse.

Pobwerera, m'basi momwemo, tinagwirizana kusonkherana ndalama zogulira tizipangizo toyezerato, ndipo mlembi wathu anapatsidwa ntchito yopempha alangizi a ziweto a m'dera lathu kuti adzatiphunzitse kayezedwe kake.