Khadi yatuluka abale, zikomo nonse, ndipo sewero la Notre-Dame de Paris ndakalionera ndi maso angawa

Abale anga, khadi yanga yokhalira kuno ku France yatuluka lachiwiri lapitali. Ndinaigwira m'manja ndili pabenchi kunja kwa ofesi, ndikungoitembenuza uku ndi uku ngati mwana amene wapatsidwa ndalama yachitsulo. Miyezi 8 ndakhala ndikuyenda ndi kapepala kongoyembekezera, kakatha ukawonjezere, kenako kanadzatha osawonjezeredwa, ndiye abwana a kumalo odyera komwe ndimatsuka mbale madzulo anangoti bakhala kaye kunyumba, lendi n'kundigwira pakhosi, sukulu nayo ikufuna zake. Ambiri a inu simunadziwe chifukwa pa Facebook ndimangoika zithunzi zomwetulira.

Ndiyambe ndi agogo omwe ndimachita lendi kuchipinda chawo chapamwamba. Pamaso pawo ndimati Madame koma mumtima ndi agogo anga basi. Miyezi 3 sanandifunse ndalama, m'malo mwake madzulo amandiitana kuti tidzamwe supu, n'kuika DVD yawo yakale ya sewero lanyimbo la Notre-Dame de Paris, ati Chifulenchi changa n'cha m'kalasi, ndichimve mmene chimalirira. Seweroli linayamba kuonetsedwa mu September 1998 ku holo ya Palais des Congrès konkuno ku Paris, mawu analemba Luc Plamondon wa ku Québec, nyimbo anapeka Riccardo Cocciante, ndipo nkhani yake anaitenga m'buku la Victor Hugo la mu 1831. Agogowa amaimitsa DVD pamzere uliwonse, ine kubwereza, iwo kuseka katchulidwe kanga ka r mpaka kukhosomola.

Poyamba ndinkangoti ndi nkhani ya chikondi, amuna atatu kulimbirana mtsikana mmodzi wovina mumsewu, Esmeralda. Wina wansembe, Frollo, wina msilikali woti ali kale ndi chibwenzi, Phoebus, wachitatu Quasimodo wa linunda woimba mabelu a tchalitchi amene aliyense amamuthawa. Koma pali gulu la anthu obwera lomwe mtsogoleri wake ndi Clopin, amafika pakhomo la tchalitchi kupempha pobisala, ndipo nyimbo yawo dzina lake ndi Les sans-papiers, kutanthauza opanda mapepala. Nkhani ikuchitika mu 1482 koma mawuwo ndi omwewo amene ndimawamva pamzere m'mawa uliwonse. Agogo anandiuza kuti mu August 1996 apolisi anaswa chitseko cha tchalitchi cha Saint-Bernard ndi nkhwangwa kutulutsa anthu ochokera ku Africa omwe anathawiramo, ndiye anthu ataona seweroli patangopita zaka ziwiri sanafunikire wowafotokozera. Usiku umenewo supu sinatsike.

Tsono inu a pagulu lathu la WhatsApp la Amalawi kuno, ndinu anthu oipa ndithu, mwandiliritsa pagulu. Ndinangotchula kamodzi mocheza kuti seweroli labwereranso ku Palais des Congrès pokumbukira zaka 25, inu n'kusonkherana mwakachetechete matiketi awiri, yanga ndi ya agogo. Nthawi imeneyo khadi inali isanatuluke n'komwe, ndinapita ndi mantha anga m'thumba, pa metro, sitima ya pansi pa nthaka, ndikaona yunifolomu iliyonse mtima phaa.

Holo ija ndi yaikulu, anthu opitirira 3,000, ife tinali kumtunda kwenikweni komwe oimba amaoneka ngati zala. Koma zinalibe kanthu. Pasiteji pali chikhoma chachikulu chomwe ovina amakwera ngati abuluzi, ndipo pena mabelu akuluakulu amatsika kuchokera kudenga, anyamata n'kumalendewera m'kati mwake ngati iwo ndiwo kachitsulo kogogodera. Ndinagwira mkono wa agogo poopa kuti wina agwa. Itayamba nyimbo ya Belle, ija amaimba amuna atatu aja, mzere wathu wonse milomo ikuyenda, bambo wina wa jekete pafupi nane akuimba chapansipansi mawu onse osaphonya, mkazi wake akumugunda ndi chigongono kuti akhale chete koma nayenso akuimba. Ine ndimaganiza kuti azungu pa zoterezi amangokhala ndwii, ayi ndithu. Pamapeto Quasimodo atagwada pa mtembo wa Esmeralda, m'holo monse zii, kumangomveka mamina. Kenako onse anaimirira, kuwomba m'manja kosalekeza, ndipo woimba gawo la mlakatuli Gringoire anabwerezanso nyimbo yotsegulira seweroli, Le temps des cathédrales, holo yonse n'kulandira ngati kwaya ya pa ukwati. Nane ndinaimba, ndi r wanga yemwe uja.

Chinthu chimodzi chokha chimandinyansabe, Phoebus. Munthu wasokoneza moyo wa mwana wa eni, n'kubwerera kwa chibwenzi chake ngati palibe chachitika, ndipo anthu amamuwombera m'manja chifukwa mawu ali bho. Ndinawomba koma monyinyirika.

Achimwene anga a ku Johannesburg, inu amene mumagwira ntchito ya m'munda mwa anthu koma munatumiza ndalama ku Paris kawiri, dziko latembenuka eti, ndidzabweza ngakhale mukukana. Amayi kumudzi, ndamva kuti dzina langa munalipereka kwa amayi a mvano ndipo Lachinayi lililonse amalitchula, muwauze kuti zatheka, asiye kusala kudya. Anti omwe munkandiperekeza kuofesi ija mbandakucha kuzizira kuja ndi fulasiki ya tiyi, ndi mnzanga wa ku Congo amene amandiwerengera makalata ovuta aja mawu ndi mawu, sindikutchulani mayina poti simukonda, koma mukudzidziwa.

Potuluka m'holo agogo anati tchalitchi chenichenicho cha Notre-Dame akadzachitsegula tidzapite limodzi, poti nthawi imeneyo chinali chidakali chotseka chiyambire moto wa pa 15 April 2019, amisiri ali pa ntchito. Ndawauza kuti tsiku limenelo tiketi ya metro ndidzagula ndine. Lolemba ndikuyambiranso kutsuka mbale, ndipo nsima ya Loweruka lino ili kwa ine, ufa ulipo, wina angobweretsa usipa ngati wasunga.